Mawu Amene Bambo Sananene

Pa msewu wopita ku yunivesite, mukangodutsa sitolo yogulitsa mankhwala, pali kampata kopapatiza kamene munthu wonenepa amalowa cham'mbali. Kumapeto kwake kuli kachipinda ka zenera limodzi, ndipo m'menemo mwakhala mukugwira ntchito bambo wina wosoka mabuku kwa zaka zoposa makumi atatu. Dzina limene makolo anawapatsa lilipo, koma limamveka kuchipatala kokha akamaitana odwala. Mumsewu monsemo amadziwika kuti a Kwandani.

Dzinali anachita kulipala okha. Munthu akalowa ndi nkhani yotentha, yoti uje wathawa mkazi kapena yoti nyumba za mumsewuwo azigwetsa, iwo sankadzidzimuka ngati anzawo. Ankangokweza magalasi pamphumi n'kufunsa kuti, "Mwamva kwa ndani?" Mukayankha kuti mwamva kwa telala, ankapitiriza: "Nanga telalayo wamva kwa ndani? Analipo?" Pofika pa munthu wachitatu nkhani inkakhala itazizira, mwini wake akuyang'ana njira yotulukira. Amiseche ankawalambalala, ndipo ena ankati ndi munthu wotopetsa kucheza naye. Sankanama anthuwo. Kungoti mkangano ukabuka mumsewumo, omwewo ndi amene ankayamba kunena kuti tiyeni tikafunse a Kwandani, iwo aja sanama.

M'kachipindako munali chitsulo chopanira mabuku, mpeni waukulu wodulira mapepala umene sankalola munthu kuukhudza, kapoto ka guluu, ndi ulusi wopaka phula wopachikidwa pa msomali. Fungo la guluu linawalowerera mpaka akazi awo anasiya kudandaula. Ankasoka mabuku a kafukufuku a ophunzira, ankakonzanso mabuku akale ong'ambika msana. Anali ndi chizolowezi chimodzi choipa kwa munthu wa ntchito imeneyi: ankawerenga chilichonse chimene abweretseredwa. N'chifukwa chake ankadziwa pang'ono za matenda a mbuzi, pang'ono za milatho, pang'ono za malamulo a ukwati, ndipo ntchito ya masiku awiri inkawatengera anayi.

Funso lawo lija analitengera kwa bambo awo. Mkuluyo anali mphunzitsi wa madrasa, sukulu ya Chisilamu, munthu wouma khosi, wa mawu ochepa. Iye ndi amene anawaphunzitsa hadisi, zomwe ndi nkhani za zimene Mtumiki, mtendere ukhale pa iye, ananena ndi kuchita, zimene anthu anasunga pouzana asanazilembe m'mabuku. Hadisi iliyonse imayenda ndi unyolo wa maina: wakuti anandiuza kuti anamva kwa wakuti, amene anamva kwa wakuti, mpaka kukafika kwa amene anali pomwepo. Ana ena ankafuna kudumpha mainawo kuti afike msanga pa nkhani. Mkuluyo ankawabweza ndi kandodo. Ankati mawu opanda mwini sayenera kulowa m'nyumba.

Tsono munthu woleredwa chonchi, munthu amene msewu wonse unkamulumbirira, anali ndi bodza limodzi. Linali limodzi lokha, koma linali litakula mpaka kukhala ndi zidzukulu.

A Kwandani anali ndi mlongo mmodzi, wamng'ono kwa iwo. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anakondana ndi dalaivala wa lole, munthu amene kumzikiti ankangodutsako. Bambo anakana. Mtsikanayo anapitabe, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzina lake linaletsedwa m'nyumbamo. Zaka zinayi zinatha. Kenaka mkuluyo anadwala chifuwa, nagona miyezi iwiri, ndipo anamwalira masana ena mayi atapita kukagula mankhwala. M'chipindamo munali a Kwandani okha. Bambo awo anatsikira kuli chete osatchula dzina la mwana wawo wamkazi ngakhale kamodzi.

Tsiku la maliro mlongoyo anabwera ndi khanda kumsana, koma anaima kunja kwa geti, osayerekeza kulowa. Anthu ankamudutsa ngati mtengo. A Kwandani anamuona pa zenera, atawonda, nsapato zitatha mbali imodzi, ndipo mtima unawapweteka kwambiri moti sanadziwe kuti atuluka bwanji. Anangozindikira ali pageti, pakamwa pakulankhula: "Bambo anasiya mawu. Anati, mukamuuze mwana wanga kuti ndamukhululukira, abwere kwawo." Sanakonzekere. Mawuwo anatuluka athunthu, osalala, ngati anawaloweza. Mlongoyo anagwa pansi n'kulira kulira kwa munthu amene wamasulidwa chingwe. Mayi atamva anafunsa kuti, "Ananenadi?" Iwo anati ananena. Atanena kachiwiri, njira yobwerera inatsekeka.

Zimene zinatsatira n'zoseketsa mukakhala kuti simuli a Kwandani. Patatha zaka zitatu azakhali awo anayamba kunena kuti anali pakhomo la chipindacho ndipo anamva ndi makutu awo, chonsecho anafika ndi basi m'mawa mwake, mkuluyo atamwalira kale. Iwowo ndi amene anawonjezera zoti mkuluyo anakweza dzanja lamanja polankhula. Mayi atakalamba ankauza adzukulu kuti malemu anawanong'oneza zomwezo dzulo lake, ndipo ankalira ponena, moti n'zosakayikitsa kuti ankazikhulupirira. Mwana wa mlongoyo, khanda lija la kumsana, atakula ankasimba kuti agogo ake anagwetsa misozi iwiri. Nkhaniyi inkanenedwa pa ukwati uliwonse wa m'banjamo. Shehe wina anailalikirapo Lachisanu, a Kwandani atakhala pamzere wachiwiri, akutuluka thukuta. Ndipo aliyense pomaliza ankati, "Kafunseni a Kwandani, analipo."

Iwo sankaikambanso nkhaniyi. Anthu ankati n'chifukwa cha chisoni. Mwina kuuma mtima kwawo pa nkhani za ena kunachokera pomwepa, pakuti munthu amene ali ndi bala amayenda mosamala kuposa anzake. Zaka zinapita, ana anakula, tsitsi linayera, ndipo anayamba kuganiza kuti adzapita nalo kumanda bodzalo popanda wowafunsa.

Mlongo wawo ndi amene anasokoneza. Tsopano anali mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri, wamasiye, matenda a shuga atamudya maso. Tsiku lina anabwera ku kachipinda kaja atadutsa kampata konse ndi ndodo, nakhala pa mpando wa makasitomala.

"Achimwene, ndabwera ndi ntchito," anatero. "Mwasokera anthu achilendo mabuku zaka zonsezi. Ine mundisokere limodzi. Mulembe mawu aja a bambo, mmene anawanenera. Mulembe tsiku lake, mulembe kuti munalipo ndinu, musaine, muike ndi dzina la Mulungu pamwamba. Mmene bambo ankafunira zinthu, ndi unyolo wake. Adokotala sakundibisira, ndipo inu nomwe simukubwerera kuubwana. Tikapita, adzukuluwa azidzati ndi nthano."

"Azakhali ankanena bwino kuposa ine," anatero a Kwandani, akuyang'ana kapoto ka guluu.

"Azakhali anapita. Komanso aja ankathira mchere. Ine ndikufuna zenizeni."

Anavomera, chifukwa panalibe pothawira. Anasankha nsalu yobiriwira, anadula mapepala abwino kwambiri amene anali nawo, nasoka kabuku kokongola kuposa onse amene anasokapo. Koma kulemba kunawakanika. Kunena ndi pakamwa pageti kunali kwina. Kulemba ndi dzanja, kusaina, n'kuika dzina la Mulungu pamwamba pa mawu amene anawapeka okha, kumeneko dzanja linakana. Sabata yoyamba anauza mlongoyo kuti guluu sanaume. Yachiwiri anati akufunafuna inki yosafufuka. Akazi awo anawafunsa ngati m'mimba muli bwino, chifukwa ankangogwiragwira chakudya.

Sabata yachitatu kunabwera kasitomala, mayi wa zaka ngati makumi anayi, wovala mpango wotuwa, mphunzitsi wa ku sekondale amene ankachita maphunziro apamwamba ku yunivesite kuja. Anabweretsa buku lake la kafukufuku, makope anayi, loti lisokedwe ndi chikuto chakuda ndi zilembo zagolide pofika Lachinayi. A Kwandani atawerenga mutu wake anakweza magalasi. Linali lonena za maganizo a akatswiri a kumayiko a azungu pa chiyambi cha hadisi ndi kudalirika kwake.

Tsiku limenelo sanasoke tsamba ngakhale limodzi. Anawerenga, ndipo poyamba anapsa mtima. Munali akatswiri ena akale amene ankati hadisi zambiri sizikunena za nthawi ya Mtumiki, koma za mikangano ya anthu amene anabwera zaka zana kapena mazana awiri pambuyo pake, aliyense akufuna kuti maganizo ake akhale ndi msana. Munali wina amene ankati maunyolo a maina ankakula chobwerera m'mbuyo: mawu amayamba ali a mphunzitsi wina, kenaka amakankhidwira kwa wamkulu wake, mpaka kukafika pamwamba penipeni. Ankatinso unyolo wosalala kwambiri, wopanda poduka, ndi umene uyenera kukayikiridwa. A Kwandani anamenya tebulo. Anthu amene sanagwadepo mumzikiti, akudzaphunzitsa eni ake! Koma anapitirizabe kuwerenga, pakuti chizolowezi sichimva mkwiyo.

Chapakati pa bukulo panali chithunzi cha mizere ndi maina. Pansi panali maina ambirimbiri, mizere yawo ikukwera n'kumakumana, mpaka yonse inathera pa dzina limodzi. Kuchokera pa dzina limenelo kupita m'mwamba panali mzere umodzi wokha. Chinkaoneka ngati tsache, ndipo dzina lija linali pamene tsachelo amalimanga. Mawu a pansi pake ankati: pamene njira zonse zakumana pa munthu mmodzi, akatswiri ena amaganiza kuti nkhaniyo inayambira pa iyeyo. Tsamba lotsatira linkanena za mizere ina yoonda imene imalambalala munthu uja n'kukwera yokha. Imeneyo, ankatero, kawirikawiri imabwera mochedwa, kudzalimbikitsa nkhani imene yatchuka kale.

A Kwandani anatenga kachidutswa ka katoni ndi pensulo. Pansi analemba adzukulu, mphwawo, shehe uja, akazi awo. Anakweza mizere. Yonse inathera pa iwo. Pambali anajambula mzere wa azakhali, ndi wa mayi, yowalambalala. Pamwamba pa dzina lawo anajambula mzere umodzi wopita kwa bambo, nauyang'ana nthawi yaitali. Mzungu amene anafa kalekale, amene sanamvepo za banja lawo, anali atawajambula bwinobwino. Mkwiyo uja unathera pomwepo, m'malo mwake munalowa manyazi.

Lachinayi mphunzitsi uja anapeza mabuku awiri okha atatha. Asanadandaule, a Kwandani anamuloza mpando.

"Mayi, inu mumaswali?"

"Kasanu pa tsiku, bambo, ndikapanda kugonereza."

"Ndiye mwalemba bwanji zimenezi? Anthu awa akuti zonse ndi zopeka."

Mayiyo anaseka, koma osati monyoza. "Mwawerenga mpaka pati? Mwalekeza pa mutu wachitatu, eti? Amuna anga analekezanso pomwepo, anakhala masiku awiri osandiyankhula. Azunguwo sagwirizana okhaokha, bambo. Amakangana kuposa ife. Ena anabwera pambuyo n'kunena kuti ayi, mwafulumira. Iwowo anatenga hadisi imodzi, n'kusonkhanitsa njira zonse zimene inadzera, n'kuyerekeza mawu ake liwu ndi liwu. Anapeza kuti ophunzira a mphunzitsi mmodzi amafanana kanenedwe, a mphunzitsi wina amafanananso mwa njira yawo. Ndiye anati maina awa si okongoletsera, nkhani inayendadi m'menemu. Zina anazilondola mpaka kufupi kwambiri ndi nthawi yoyambirira."

"Nanga munthu wa pamfundoyo? Amene mizere yonse yakumana pa iye?"

"Ena amati ndi wopeka. Ena amati ndi wosonkhanitsa chabe, munthu amene anakhala pansi n'kuyamba kuphunzitsa zimene anamva, ndiye n'zosadabwitsa kuti onse akuloza iye. Chithunzi chimakufikitsani pa munthuyo. Za mumtima mwake sichinena."

"Inuyo mukuti bwanji?"

"Ine ndikuti funso la azunguwo si lachilendo. Mashehe athu akale analifunsa kale, n'chifukwa chake ankayenda miyezi pa ngamila kukaona munthu mmodzi, kuti adziwe ngati amaiwala, ngati anakumanadi ndi amene akumutchulayo. Anataya nkhani zambirimbiri. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo ankati munthu wokhulupirika akanena, timulandire. Azungu enawa amati ngakhale wokhulupirikayo timukayikire kaye. Pamenepo ndiye pagona mkangano, ndipo ine sindinauthetse. Ndangouyala bwino kuti aphunzitsi anga andipatse digiri."

A Kwandani anatenga ulusi n'kuyamba kuupaka phula, ngakhale unali wopaka kale. Anafunsa mosayang'ana mayiyo.

"Tinene kuti munthu wapeka mawu, koma ndi mawu abwino. Ayanjanitsa anthu. Palibe amene wapwetekedwa. Akalewo ankamuona bwanji?"

"Ameneyo ndiye ankamuopa kwambiri," anayankha mayiyo msangamsanga, ngati wophunzira amene funso lamugwera pamene anawerenga. "Wabodza wodziwika savuta, aliyense amamusefa. Koma munthu wopemphera, wofatsa, amene akupeka kuti anthu akonde zabwino, ameneyo anthu amameza osatafuna. Ndipo akamugwira kamodzi kokha, zonse zimene ananenapo zimagwa naye."

Mayiyo sankadziwa kuti akubaya munthu. Anatenga mabuku ake awiri, anati enawo adzatenga Lolemba, natuluka cham'mbali m'kampata kaja.

Tisawapange a Kwandani kukhala woyera mtima. Tsiku limenelo ndi lotsatira anayesa njira zonse zozembera. Anaganiza zolemba mawuwo osasaina. Anaganiza zolemba kuti "banja limanena kuti," koma mlongo wawo sanali wopusa, akanafunsa. Anaganiza zongozengereza mpaka matenda atamaliza ntchito yake, ndipo atazindikira chimene akuganiza ananyansidwa nacho okha. Ankadziwanso kuti kunena zoona kupepuza iwo, koma kulemetsa mayi wodwala amene sanalakwe kanthu. Ichi sanachipezere yankho. Loweruka m'mawa anangovala jekete, anaika kabuku kobiriwira m'thumba, nakwera basi.

Anapeza mlongoyo ali pakhonde, akusokerera batani pa malaya a mdzukulu mongopapasa, wailesi ikulira pansipansi. Atamva mayendedwe awo anamwetulira.

"Fungo la guluu lafika kale. Mwabweretsa?"

Anamupatsa. Iye anasisita nsaluyo, ananunkhiza, natsegula n'kuyandikiza tsamba loyamba pamphuno penipeni. Anatembenuza lachiwiri, lachitatu.

"Maso angawa atheratu, kapena simunalembe?"

"Sindinalembe, achemwali." Anakhala pa sitepe, pansi pa mpando wake, chipewa chili m'manja. "Mawu aja bambo sananene. Ndinanena ndine."

Mlongoyo anaseka kaye. "Mwayamba kukalamba mutu, achimwene. Azakhali anamva."

"Azakhali anafika m'mawa mwake. Munawaona nokha akutsika ndi chikwama, muli pageti."

"Amayi..."

"Amayi anamva kwa ine. Aliyense anamva kwa ine. M'chipinda muja ndinalimo ndekha, ndipo dzina lanu silinatchulidwe."

Iye anatambasula dzanja n'kuzimitsa wailesi. Singano inatsalira pakati pa zala. Kumsewu kunadutsa njinga, kenaka ina. Pamene analankhula, mawu ake anali otsika, ndipo a Kwandani akanakonda akanakuwa.

"Zaka makumi atatu ndi zinayi. Amuna anga atamwalira, ndinkadzuka ndi mawu amenewo. Mwana wanga atagona m'chipatala, ndinkati Mulungu sangandikane poti bambo anga sanandikane. Mwasunga zaka zonsezi. Chinakuvutani n'chiyani kusunga chaka chimodzi china? Simukanadikira ndife?"

"Munati ndisaine. Munati ndiike dzina la Mulungu."

"Ndiye mwapulumutsa dzanja lanu."

"Eya," anatero a Kwandani. Zinali zoona.

Mlongoyo anabaya singano pa malaya paja, nawaika pambali. Misozi inkatsika koma nkhope sinasinthe.

"Munthu samwalira ngati mwala. Miyezi iwiri anagona. Tsiku limenelo ananena chiyani? Musandikometsere. Mukandikometseranso, musadzapondenso pano."

A Kwandani anatseka maso. Zaka zonsezi ankakumbukira zimene bambo awo sananene, moti zimene ananena anali asanazifukulepo.

"Anapempha madzi. Ndinawamwetsa ndi supuni, anamwa katatu. Anafunsa ngati amayi abwera. Kenaka ndinaimirira kuti nditseke chitseko, chifukwa ana a oyandikana nawo ankasokosera. Anati, musatseke chitseko. Sanalankhulenso."

"Basi?"

"Basi."

"Chitseko chiti?"

"Cha chipinda chawo."

"Chija chimayang'ana pakhonde. Chikakhala chotsegula, munthu ali pabedi amaona mpaka kugeti."

"Amaona."

"Ankayang'ana kumeneko?"

"Nkhope inaloza kumeneko. Koma ndi mmene ndinawagonekera ine, chifukwa mbali inayo inali ndi zilonda. Ngati ankaona kanthu, sindikudziwa."

Mlongoyo anapukuta kumaso ndi nsonga ya mpango. A Kwandani anadziwa funso lotsatira lisanatuluke.

"Kunkatentha tsiku limenelo?"

Apa panali pakhomo pena potseguka. Liwu limodzi lokha likanakwanira. Akanati kunkazizira, mlongo wawo akanabwezeredwa bambo ake, pakuti wodwala sakana kutseka chitseko kukuzizira pokhapokha ngati akudikira munthu, ndipo panalibe wamoyo amene akanawatsutsa. Analimva liwulo likukwera pakhosi, losalala ngati lija la pageti. Anagwira chipewa mwamphamvu.

"Kunkatentha kwambiri, achemwali."

Iye anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anapapasa m'kabasiketi ka ulusi, natulutsa cholembera chimene mdzukulu anasiyamo, n'kuwapatsa pamodzi ndi kabuku kaja.

"Lembani. Madziwo, supuni, chitseko, zilondazo. Ndi kutenthako mulembe, musasiye. Ana adzaganize okha. Musaine."

A Kwandani analemba ataika kabukuko pabondo. Dzanja limene linkadinda zilembo zagolide mosakhota linalemba mizere isanu ndi umodzi yokhotakhota. Anawerenga mokweza, iye akumvetsera maso ali chotseka, ndipo pamene anafika pa chitseko milomo yake inayenda nawo limodzi. Atamaliza anafuna kutembenuza tsamba kuti alembe za bodza lawo, koma iye anamva kulira kwa pepala n'kuika dzanja pamwamba.

"Lachiwirilo musiye. Limenelo ndidzanena ine, inu muzidzangolemba. Pali munthu amene anatuluka m'nyumba yodzaza anthu kudzanditenga panja, ndipo ine zaka zonsezi ndakhala ndikuthokoza wina. Koma si lero. Lero sindikufuna kukuonani."

"Ndiitane ana adzakhale nanu?"

"Ayi. Pitani, achimwene. Bambo anga amwalira m'mawa uno, ndisiyeni ndiwalire."